Mtengo wa Kaki ndi Mfuti ya Bambo

Tokyo, 12 Okutobala 2009

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi Azakhali a Mitsue, ndiponso kuti bondo lija lachepetsa mwano. Ine ndilipo, monga amakhalira mkazi wa zaka makumi atatu ndi zinayi amene ntchito yake ndi kulemba timawu timene timatuluka pansi pa nkhope za anthu pa kanema. Munthu akamalira, ine ndimalemba kuti "Mayi wolira," kuopa kuti owonera angaganize kuti akuseka. Maphunziro a malamulo amathera pamenepo.

Ndalemba kalata poti foni mumaikana, mumati pa foni munthu amanama mosavuta.

Nkhani ndi iyi. Kampani yathu ikukonza pulogalamu yokhudza anthu osunga mfuti. Chichitikireni zoopsa zija za munthu wowombera anzake mumzinda, aliyense wa mfuti kuno amamuona ngati wamisala amene sanayambe chabe. Pa msonkhano, mnzanga wina wa madigiri awiri anafunsa ngati alenje amagona ndi mfuti pabedi. Sindinapirire. Ndinawauza kuti bambo anga asunga mfuti zaka makumi anayi ndi zisanu, mfuti m'kabati yachitsulo, zipolopolo m'kabati ina, makiyi ake ngakhale ine sindidziwa kumene amakhala. Ndinati chimbalangondo chikalowa pabwalo la sukulu, saitana wa madigiri awiri ayi, amaitana nkhalamba ya bondo lotupa. A Kuwabara, mkulu wa pulogalamuyi, anangoti, "Ndiye tipititseni kwanuko, a Funaki. Tikaonetsa mbali zonse mwachilungamo."

Choncho ndikupempha kuti mutilole tibwere nyengo yosaka ikatsegulidwa mwezi wamawa. Kwa nthawi yoyamba anthu a kuno adzaona mlenje weniweni, ndipo kwa nthawi yoyamba adzaona kuti ndili ndi ntchito ina kupatula kulemba "Mayi wolira."

Azakhali anditumizireko ndiwo zawo zofutsa pa utsi zija. Za m'sitolo kuno zimakoma ngati sopo.

Mwana wanu,
Chizuru

Osawanai, 20 Okutobala

Chizuru,

Tili bwino. Bondo lilipo. Zimbalangondo chaka chino zatsika msanga, mitengo ya m'phiri sinabereke. China chathyola nthambi kwa a Onodera kuseri kuno.

Abwere. Uwauze kuti m'phiri sitilankhula za kumudzi, ndiye asakandifunse kanthu kumeneko. Asakaimbenso mluzu. Iwe sukwera, mwambo ukuudziwa.

Ndiwo zatumizidwa.

Bambo ako

Tokyo, 29 Novembala

Okondedwa Azakhali,

Mwadzuka bwanji kumeneko? Chipale chofewa chayamba kugwa? Tinafika bwino, ndipo a Kuwabara akukambabe za msuzi wanu.

Zonse zayenda monga ndinakonzera. Wojambula amene anakwera nawo phiri wabwera ndi zinthu zokongola. Mwambo wonse ulimo: chimbalangondo atachisenda, Bambo akutenga chikopa, kuchiyala pa thupi lake motembenuza, mutu kumapazi, n'kunena pemphero lija lochibwezera kwa mwini phiri, amuna onse zipewa kumanja. Ngakhale wa madigiri awiri anaonera mpaka kumapeto.

Inu munali kukhitchini, ndiye simunaone zimene mwana wa mlongo wanu anachita. Ine anandisiya m'mudzi ngati katundu, poti ndine mkazi. A Kuwabara anakwera mpaka pa mlatho n'kubwerera akupuma ngati galu, nsapato zawo za m'tauni zitanyowa. Tinakhala pansi pa mtengo wa zipatso za kaki pakhomopo, iwo ali ndi kakamera kakang'ono.

"A Funaki," anatero, "bambo anuwa salankhula. Kanema wa munthu wosalankhula ndi chithunzi cha pakhoma. Tiuzeni inu kanthu kokoma."

Ndinayang'ana m'mwamba, n'kuona chipatso chimodzi chitatsalira pansonga penipeni. Nkhani inangobwera yokha. Ndinati ndili wamng'ono ndinkalirira chipatso chotere, ndipo Bambo anatuluka ndi mfuti, kuwombera kamodzi, kudula kaphesi kake, chipatso n'kugwera pa chipale chosaphwanyika. Azakhali, ndinaipeka pomwepo, ndipo inatuluka yosalala ngati ndinaikonzekera sabata yathunthu. A Kuwabara anawomba m'manja. Anati ndikhala nawo mu pulogalamu, ndipo mawu a pansi pa nkhope yanga ndilemba ndekha. Pomaliza pake nkhope yanga ikhala pamwamba pa mawu anga.

Ituluka Lamlungu pa 13 Disembala, nthawi ya chakudya chamadzulo. Muitane anthu.

Chizuru

Osawanai, 17 Disembala

Chizuru,

Moni ndikupatsa chifukwa anandilera bwino. Tili moyo.

Anthu ndinawaitana monga unanenera. A Onodera ndi akazi awo, alenje onse asanu, ngakhale amayi a ku positi. Ndinakazinga nyemba, ndinapukuta chithunzi chako chija cha tsiku lomaliza yunivesite kuti chiwale pakhoma.

Mwana iwe, n'chiyani chimene mwatichitachi? Kanyimbo kake kokha, ngati kwabwera maliro. Nkhope ya bambo ako anaikulitsa mpaka tsitsi la m'mphuno kuoneka, wina n'kufunsa m'phiri momwemo kuti, "Mumamva bwanji mukapha?" Bambo ako kungomuyang'ana, monga anakuuzira kuti adzatero. Ndiye mawu n'kumveka akuti, "Funsoli sanaliyankhe." Chikopa chija anaonetsa akuchitembenuza, pemphero osamveka, kenako n'kudumphira pamene amuna akuseka pogawana nyama. A Onodera anaika kapu pansi n'kunena kuti, "Kodi ndife amenewa?"

Kenako iweyo, milomo yofiira, pansi pake palembedwa kuti "Mwana wa mlenje, anamaliza maphunziro a malamulo." Anthu anaseka nkhani yako ya chipatso. Bambo ako sanaseke. Anadzuka n'kukadyetsa galu amene anali atadya kale.

Chiyambire Lolemba foni sikupuma. Wina wa ku Yokohama anati ndife akupha. Ndinamufunsa keyala yake kuti chotsatira tidzamutumizire chamoyo, akachigoneke pakhonde. Anadula.

Zimenezo n'zochepa. Dzulo kunabwera a Ishiguro, wapolisi wathu, chipewa m'manja, akupepesa asanakhale n'komwe. Akuti kuwombera pakati pa nyumba za anthu ndi mlandu, iwe wa malamulo ukudziwa. Akuti ngakhale n'zakale, akuluakulu awo ku boma anaonera nawo, ndipo akufunsa ngati munthu wotere ayenera kusunga mfuti. Chilolezo cha bambo ako chikutha pa tsiku lawo lobadwa, pa 9 Malichi. Akawakaniza chatsopano, ayambirenso ndi kamfuti ka mbalame zaka khumi asanaloledwe yaikulu. Ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Werengera wekha.

Mfuti aitenga, akuti akaisunge kaye. Atawafunsa ngati nkhani yako ndi yoona, bambo ako anangoti, "Tiyi wanu akuzizira, a Ishiguro."

Uyankhe msanga.

Azakhali ako

Tokyo, 8 Januwale 2010

Azakhali,

Chaka chabwino, ngati mawuwa akadali ndi ntchito. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinkafuna kulemba ndili ndi chipambano m'manja. Ndilibe.

Pulogalamu imene ndinaiona Lachisanu, isanatuluke, inali ndi pemphero lonse. Loweruka analidula kuti nthawi ikwane. Ndinapita kwa a Kuwabara ndili moto.

"Munati mbali zonse!"

"Zonse zilimo," anatero akusenda lalanje. "Oopa mfuti alimo, a mfuti alimo."

"Oopa mfuti mphindi khumi ndi imodzi. Bambo anga zitatu, ndipo mwa zitatuzo imodzi ndi mphuno."

"Tinawafunsa, anakana kuyankha."

"Munawafunsa pamalo pamene anakuuzani kuti sayankha! Mukanawafunsa pakhonde!"

"Pakhonde tinafunsa inu, a Funaki. Ndipo munayankha bwino kwambiri."

 Ndinafuna kunyoza mphindi khumi ndi imodzi zija, koma zambiri mwa izo ndi za mayi wina yemwe amuna ake anawomberedwa pa zoopsa zija, amene akusungabe nsapato zawo pakhomo. Uyo sindingamunyoze. Mawu a pansi pa nkhope yake ndinalemba ndine, ndipo mukudziwa kale kuti ndinalemba chiyani.

Ndinawauza kuti nkhani ya chipatso ndinapeka, alengeze. Anati, "Ndiye kuti munanama pa kanema wathu? Ganizani bwino, chifukwa mawu amenewo amayenda ndi kalata yosiya ntchito." Ndikuganizabe bwino. Pakadali pano ndalembera a Ishiguro kuti zinali nthabwala chabe. Kalata yake ndi ya masamba anayi, ndime za malamulo zili mbwee. Sangaikane.

Phukusi la nyama lochokera kwa Bambo lafika, mopanda ngakhale mzere umodzi. Tanthauzo lake ndalimva. Muwauze kuti kutukwana kukanandikomera kuposa pamenepa.

Chizuru

Osawanai, 21 Januwale

Chizuru,

Tili bwino, chipale chafika pa zenera.

Tanthauzo lanji? Iwe ndi matanthauzo! Imeneyo ndi gawo lako. Nyama amagawa mofanana kwa aliyense amene anagwirapo ntchito, wowombera ndi wokuwiza chimodzimodzi, wayiwala? Bambo ako anakuyika pa mndandanda tsiku lomwelo, pulogalamu isanatuluke, ndipo itatuluka sanakufufute. A Onodera anang'ung'udza, bambo ako n'kuti, "Anabweretsa alendo, imeneyo ndi ntchito." Idya, usiye kuwerenga nyama ngati nyuzipepala.

Kalata yako ya masamba anayi yaononga zinthu. A Ishiguro anabwera nayo, akupukuta thukuta m'nyengo yozizira ino. Akuti akuluakulu awo anaiwerenga n'kunena kuti, "Mwana aliyense angabweze mawu kuti apulumutse bambo ake. Koma onani mmene amalembera. Munthu wodziwa malamulo chonchi sangapekere bambo ake mlandu pa kanema, dziko lonse likuonera. Poyamba paja ananena zoona, pano ndi pamene akunama." Waona? Nzeru zako zakhala umboni.

Ine sindingachitire umboni chilichonse, poti nthawi imeneyo ndinali ku banja kwanga ku Noshiro, ndipo mayi ako amene akanadziwa anapita. Ndinawakalipira bambo ako. Ndinati, "Tokuji, tsegula pakamwa, nena kuti mwanayu ananama, nkhani ithe!" Anandiyang'ana monga anamuyang'anira wa kanema uja.

M'mawa uliwonse amatsegula kabati yachitsulo ija, kupukuta m'kati mopanda kanthu, n'kukiyanso. Sabata yatha chimbalangondo chimene sichinagone tulo ta nyengo yozizira ngati zinzake chinaoneka kumanda, anzawo anapita, iwo anatsala akuwaza nkhuni zimene tili nazo kale zokwana zaka ziwiri. Kwatsala masabata asanu ndi awiri. Iwe ndiwe wophunzira, peza njira.

Azakhali ako

Tokyo, 4 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira bondo likupirira kuzizira. Kalata iyi muwerenge muli pansi.

Njira ndaipeza. Apolisi akundikhulupirira chifukwa ndinamaliza malamulo. Ndiye ndiyenera kuwaonetsa kuti munthu amene akumukhulupirirayo kulibe.

Yunivesite sindinamalize. Ndinasiya m'chaka chachitatu, nditalephera mayeso amodzimodzi kawiri ndi kuuza mphunzitsi wake kuti buku lake ndi lothandiza kutsekera zenera. Chithunzi chili pakhomacho ndinajambulitsa ndi zovala zobwereka, pepala lili m'manjamo ndi mndandanda wa zakudya wa lesitilanti imene ndinkatsukako mbale. Zaka khumi ndi ziwiri Azakhali akhala akupukuta mndandanda wa zakudya.

Dzulo ndinapita ku ofesi ya yunivesite kukapempha chikalata chotsimikiza kuti ndinasiya. Mayi wa pa zenera anafunsa kawiri. Anati anthu amabwera kudzatenga umboni wakuti anamaliza, wofuna umboni wakuti analephera ndine woyamba chaka chino. Ndinamuuza kuti kwathu timakonda kukhala oyamba.

Ndauzanso a Kuwabara. Lamlungu likubwerali alengeza. Musayembekezere kuti anena za pemphero limene anadula, kapena za funso limene anafunsa pamalo olakwika. Alengeza kuti "zimene ananena mwana wa mlenje, kuphatikizapo za maphunziro ake, sizinali zoona, ndipo tikupepesa owonera." Masekondi asanu ndi atatu. Mawuwo ndalemba ndekha, ndiyo ntchito yanga yomaliza pakampanipo, ndipo mulibe cholakwika ngakhale chimodzi.

Ndibwera Lachisanu la sabata yamawa pa sitima ya masana kudzapereka chikalatachi kwa a Ishiguro ndi manja anga. Musadzanditenge pa siteshoni. Ndikufuna ndiyende mudzi wonse wapansi, aliyense andione bwinobwino kamodzi, zithe.

Mwana wanu,
Chizuru

Osawanai, 26 Febuluwale

Chizuru,

Unafika bwino? Unachoka ngati wakuba, mpunga uli pamoto. Masiku awiri m'nyumba imodzi ndi bambo ako, mawu amene munalankhulana ndi "madzi otentha alipo" ndi "zikomo." Anthu inu mudzandipha.

Ndinakukwiyira, usaganize kuti ayi. Chithunzi chija ndinachitsitsa, n'kuchiyang'anitsitsa ndi magalasi. Pakona pa pepalalo pakuoneka mtengo wa Zakudya Zapadera za Lachiwiri. Ndinaseka mpaka kutsokomola, kenako ndinalira, kenako ndinachibwezera pakhoma chifukwa pamalopo khoma ndi loyera kuposa kwina.

Tsono imva. Akuluakulu a polisi anatuma a Ishiguro kuti ayende nyumba ndi nyumba, monga amachitira chilolezo chikamatha, koma ulendo uno funso linali la iwe: kodi mwana wa a Funaki amanena zoona? Mwana iwe, mudzi sunagwirizanepo chonchi chimangireni mlatho. Amayi a ku positi anati uli sitandade yachiwiri unawauza kuti mayi ako ndi mwana wa mfumu ya ku Korea. Aphunzitsi ako akale anatulutsa kope. A Onodera anati, "Ameneyo akakuuzani kuti kunja kuli chipale, tulukani mukagwire." Akazi awo anawonjezera za mbuzi ija unati inakulankhula. Anthu ankaitana a Ishiguro pamsewu kuti, "Bwanawe, kwathu simunafike, nafenso tili nazo!" Kope lawo linadzaza, anachita kubwereka pepala kwa ine.

Ine ndinanena zochepa. Ndinangoti unayamba kulankhula usanakwanitse chaka, ndipo chiyambire pamenepo sitinapume.

Usakhumudwe. Onsewo ankanena akumwetulira, ndipo amayi a ku positi akutumizira masokosi. Yankho lituluka sabata yamawa. Ntchito wapeza? Ukudya?

Azakhali ako

Osawanai, 11 Malichi

Chizuru,

Tili bwino. Mfuti yabwera dzana. Chilolezo ndi cha zaka zitatu.

Za yunivesite ndinkadziwa. Kalata yawo yonena kuti wasiya inafika kuno chaka chomwecho, poti wosayinira ndinali ine. Ndinaiyika m'kabati ya zipolopolo, mmene satsegula munthu wina. Ndinaona kuti ukafuna kunena udzanena.

Tsopano za chipatso. Sunapeke. Unali ndi zaka zinayi, unkadwala chifuwa, unalirira chipatso chimenecho masiku awiri. Makwerero sanafike. Ndinawombera kamodzi. Sichinagwe chosaphwanyika monga unanenera, chinagwa phala, ndipo unalira kuposa poyamba. Mayi ako sanandilankhule mpaka chaka chatsopano.

Chinali chinthu chopusa. Kuseri kwa mtengowo kuli nyumba ya a Onodera, ndipo iwo anali m'katimo. Anatuluka, kundiyang'ana, n'kulowanso. Sanauzepo munthu mpaka lero. A kanema analakwa zambiri, koma pamenepo sanalakwe. Sindinabwerezenso.

N'chifukwa chake sindinawayankhe a Ishiguro. Kunena kuti ukunama sindikanatha. Kunena kuti ukunena zoona sindikanathanso.

Kalata iyi uwotche. Mwezi wa Meyi tikubzala mpunga, manja ndi ochepa.

Bambo ako

Tokyo, 16 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndili bwino, ndasangalala kuti kabati yapeza mwini wake.

Ndiye kuti pa zaka makumi atatu ndi zinayi ndanena zoona kamodzi, pa kanema, dziko lonse likumva, ndipo ndataya ntchito, digiri ndi dzina kuti nditsimikize kuti linali bodza. A Onodera muwauze kuti ndagwira chipale, chilipodi.

Kalata yanu sindiwotcha. Ndi chikalata chokhacho chimene ndili nacho chonena kuti ndinakhozapo kanthu. Musade nkhawa. Ngakhale nditaiwerenga mokweza pakhomo pa polisi, palibe angandikhulupirire, mboni ndili nazo mudzi wathunthu.

Meyi ndibwera. Mugule makwerero aatali.

Mwana wanu,
Chizuru